Mukaona mwana akuvutika ndi umphawi, muyambire pati?

Mwana woyamba amene ndinamulakwira anali mtsikana wa zaka ziwiri. Ndinali nditangoyamba kumene kuyendera mabanja ngati wodzipereka. Nditamuona atakhala pamiyendo pa amayi ake, masaya atadzaza, mapazi ali onenepa, ndinati, “Mayi, koma mwanayu mukumusamala, taonani thupi lakeli.” Amayiwo anangomwetulira pang'ono osayankha. Sindinadzifunse chifukwa chake mwanayo sankasewera, chifukwa chake tsitsi lake linali lofiirira ndi lopyapyala, kapena chifukwa chake ankangolira mofooka ndikamuyandikira. Patapita masabata awiri ndinamva kuti wagonekedwa m'chipatala. Kumene ndinkati kunenepa kuja kunali kutupikana, thupi litadzaza madzi chifukwa cha kunyentchera. Anachira, koma movutika, pamene ine ndikanatha kuzindikira vutolo tsiku lomwe lija ndi zala ziwiri m'masekondi atatu.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kudalira maso okha. Zimene ndikulembazi ndi za munthu wamba, mphunzitsi, mtsogoleri wa mpingo, mnansi, amene waona mwana akuvutika, mtima ukumupweteka, koma sakudziwa poyambira.

Tikamva mawu oti umphawi timathamangira ku ndalama. World Bank imati munthu ali pa umphawi wadzaoneni ngati amakhalira ndalama zosakwana madola 3 patsiku, malire amene anakwezedwa mu 2025 kuchoka pa madola 2.15. Mu 2023 UNICEF ndi World Bank anapeza kuti ana 333 miliyoni ankakhala m'mabanja osauka motere, poyeza ndi malire akale aja a madola 2.15. Koma mwana sagwira ndalama. Ndaonapo makomo amene ndalama zimalowa ndithu, koma mwana wamasiye amene akusungidwa pamenepo amadya pomaliza ndipo sukulu anasiya kalekale. Ndaonanso makomo opanda kalikonse amene mwana wake analandira katemera yense ndipo sajomba kusukulu. N'chifukwa chake ndimayang'ana mwanayo payekha, chosowa chimodzichimodzi. Mu 2003 akatswiri a pa yunivesite ya Bristol ku Britain, motsogozedwa ndi David Gordon, anachita kafukufuku wa UNICEF amene anayeza umphawi wa ana ndi zinthu 7: chakudya, madzi abwino, chimbudzi, chithandizo cha zaumoyo, pogona, maphunziro ndi njira yomvera nkhani monga wailesi. Anapeza kuti m'mayiko osauka ana oposa 1 biliyoni ankasoweratu chimodzi mwa zimenezi, ndipo 674 miliyoni ankasoweratu ziwiri kapena kuposa. Zinthu zisanu ndi ziwirizi ndimayenda nazo m'mutu. Koma sindiziyang'ana mofanana. Ndimayamba ndi chimene chingaphe mwana sabata ino.

Polowa pakhomo

Musayambe ndi mwanayo. Yambani ndi amene amamusunga, kaya ndi amayi ake, agogo ake, azakhali ake, kapena mchemwali wake wamkulu amene nayenso ndi mwana. Khalani pansi pamene akulozerani, ndipo musatulutse msanga kope ndi cholembera. Munthu akaona cholembera amayamba kuyankha zimene akuganiza kuti zimulowetsa m'kaundula wa olandira thandizo, kapena amabisa zonse poopa kuti mwabwera kudzamuweruza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso loti “Muli ndi chakudya?” silikuthandizani. Wamanyazi anena kuti chilipo, wotopa anena kuti palibe, ndipo za mwanayo simudziwapo kanthu. Ine ndimafunsa za dzulo: “Mayi, kuyambira dzulo m'mawa mpaka pogona, mwanayu anadya chiyani? Tiyeni tiwerenge limodzi.” Akamatchula, ndimaika zakudyazo m'magulu 8 amene WHO ndi UNICEF amagwiritsa ntchito kwa ana aang'ono. Mkaka wa m'mawere ndi gulu palokha. Kenako pali zokhutitsa monga tirigu, mpunga, chimanga ndi zamizu, nyemba ndi mtedza, mkaka wa ziweto, nyama ndi nsomba, mazira, zipatso ndi masamba okhala ndi vitamini A wambiri, monga masamba obiriwira kwambiri ndi zipatso zachikasu mkati, ndipo pomaliza zipatso ndi masamba ena onse. Mwana wa miyezi 6 mpaka 23 ayenera kudya kuchokera m'magulu osachepera 5 patsiku. Lipoti la UNICEF la 2024 linati ana 181 miliyoni osakwana zaka zisanu, mwana mmodzi mwa anayi alionse padziko, amadya kuchokera m'magulu awiri okha kapena limodzi. Apa m'pamene ambiri timasokonezeka: mwana akhoza kugona wokhuta usiku uliwonse koma n'kumanyentcherabe, chifukwa chokhutitsa chokha sichimanga thupi.

Mukapeza kuti magulu ndi awiri, musayambe kuphunzitsa. Mayi ameneyo amadziwa kuti dzira n'labwino. Funsani kuti, mwa magulu otsalawo, ndi liti limene lili pafupi ndi iwo, limene angalipeze katatu pasabata popanda kutenga ngongole. Gulu limodzi lowonjezera limene lingapitirire limaposa mbale yodzaza ya tsiku limodzi.

Mapazi ndi mkono

Pemphani chilolezo musanamugwire mwana. Akalola, mwanayo akhale pamiyendo pa amene amamusunga. Ikani zala zanu zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, dinikizani pang'onopang'ono uku mukuwerenga mpaka masekondi atatu, kenako chotsani. Ngati pamapazi onse awiri patsala kadzenje kosabwerera msanga, mwanayo ali ndi kunyentchera koopsa, ngakhale akuoneka wonenepa bwanji. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kenako mkono. Pali katepi kapulasitiki kotchedwa MUAC, kokhala ndi mitundu itatu, kobiriwira, kachikasu ndi kofiira, kamene amayezera ana a miyezi 6 mpaka 59. Alangizi a zaumoyo amakhala nako, ndipo m'mayiko ambiri tsopano amaphunzitsa amayi kuyeza okha ana awo. Pezani pakati pa nsonga ya phewa ndi chigongono cha mkono wamanzere, mkonowo ulendewere momasuka, ndipo zungulizani tepiyo mosathina komanso mosakhwepa. Ikasonyeza masentimita 12.5 kapena kuposa, ndi pobiriwira. Kuyambira 11.5 mpaka pansi pa 12.5 ndi pachikasu: mwanayo wayamba kunyentchera, akaonedwe ndi azaumoyo m'masiku ochepa. Pansi pa 11.5 ndi pofiira, ndipo pamenepo palibe zodikira kuti bambo abwere kaye kapena mwezi uthe. Tayerekezani kupinda chala chanu chachikulu ndi cholozera kuti zikumane: mkono wa mwana wa zaka zitatu ukakwana m'kabowo kameneko, mumvetsa chifukwa chake mtunduwo anausankha wofiira.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna tepi. Mwana amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, amene akusanza chilichonse, amene wakomoka kapena thupi lake likugwedezeka ngati wogwa khunyu, amene ali lefu osadzuka bwinobwino, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati akutsokomola, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu ali phee. Kupuma ka 50 kapena kuposa kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, kungakhale chibayo. Ndipo musangonena kuti “mupite naye kuchipatala” n'kutsanzika. Mayi wosauka amadziwa kumene chipatala chili. Chomulepheretsa ndi ulendo, ndi ana ena amene alibe owasiyira, ndi tsiku la ntchito limene akalitaya banja lonse ligona ndi njala. Thandizo lenileni la tsiku limenelo ndi kulipira ulendowo, kupeza wotsala ndi anawo, kapena kumuperekeza.

Mwana wonyentchera kwambiri amene alibe matenda ena ndipo akutha kudya, masiku ano amachirira kunyumba. Amapatsidwa chiponde cha kuchipatala, chija chimabwera m'timapaketi, chopangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina. Anachiyambitsa ku France mu 1996 dokotala André Briend ndi Michel Lescanne, ndipo mu 2007 mabungwe a United Nations anavomereza njira yochiritsira ana kumudzi ndi chakudya chimenechi. Kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kamakhala ndi mphamvu zokwana makalori 500. Sachiphika ndipo sachisungunula m'madzi. Mwana amadya momwemo, n'kumapatsidwa madzi oyera akumwa, ndipo ngati akuyamwa ayambe wayamwa kaye.

Koma pali chinthu chimene pa paketi sanalembe. Ndinkayendera mnyamata wina wa chaka ndi theka amene ankalandira chiponde sabata iliyonse koma mkono wake sunkasuntha pa tepi. Tsiku lina ndinapeza timapaketi topanda kanthu tili m'manja mwa achimwene ake awiri, akutinyambita. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo unaonekera pankhope. Amayi awo anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, “Inu amayi, ndidyetse mmodzi, awiriwa akundiyang'ana?” Ndinasowa choyankha. Palibe mayi amene angathe zimenezo tsiku ndi tsiku. Chimene tinachita n'chakuti ine ndi anzanga tinayamba kubweretsa chakudya wamba cha ana awiri aja, ndipo amayiwo anawafotokozera kuti timapaketi ndi mankhwala a mng'ono wawo, monga mapiritsi. Ankamudyetsa akuluwo atapita kosewera. Patatha masabata atatu tepi inachoka pofiira. Choncho mukaona mwana mmodzi akulandira chiponde, werengani pakamwa pena pamene pali pakhomopo, chifukwa kuchira kwa mmodziyo kumadalira mimba za enawo.

Kunyentchera kwina sikuoneka pa tepi. Ndi kupinimbira, pamene mwana amakhala wamfupi poyerekeza ndi zaka zake. Mu 2022 ana 148 miliyoni osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Anthu amati “ndi mtundu wawo, onse ndi aafupi,” koma nthawi zambiri ndi njala ndi matenda obwerezabwereza a m'masiku 1,000 oyambirira, kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zimene zatayika m'nyengo imeneyi n'zovuta kuzibweza, ndipo zimakhudza ubongo womwe. Ndiye mukalowa pakhomo chifukwa cha mwana wa zaka zisanu, koma mwaona kuti amayi ake ndi oyembekezera kapena ali ndi wakhanda kumbuyo, dziwani kuti thandizo lanu likhoza kupindula kwambiri pa wosabadwayo. Mayiyo adye, apite kusikelo, ndipo wakhanda ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osapatsidwa ngakhale madzi.

Madzi ndi chimbudzi ndimayang'ana ndi maso, sindifunsa zambiri. Ndimapempha madzi osamba m'manja, ndipo pamenepo ndimaona kumene amawasunga, ngati chiwiyacho n'chovundikira, ngati sopo alipo. Ndimafunsa mtunda wa kotunga madzi ndi amene amakatunga, chifukwa kawirikawiri ndi mtsikana amene akanakhala m'kalasi. Mwana akatsegula m'mimba, chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Paketi ya ORS, mankhwala a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, yosungunulidwa monga mwalembedwera, pamodzi ndi mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14, zapulumutsa ana ochuluka zedi. Apitirize kuyamwa ndi kudya. M'chikwama changa simusowa mapaketi awiri a ORS.

Pemphaninso kuona khadi la kusikelo. Limakuuzani ngati katemera wa chikuku analandira, ngati akulandira vitamini A miyezi 6 iliyonse, ngati anamwa mankhwala a njoka za m'mimba atakwanitsa chaka. Khadi likasowa kapena likakhala ndi mipata, kawirikawiri si ulesi. Mayi anajomba kamodzi, anakalipiridwa pagulu, ndiye akuopa kubwerera. Kumuperekeza ulendo umodzi kumathetsa manthawo. Funsaninso za chikalata cha kubadwa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limati mwana aliyense alembedwe m'kaundula atangobadwa. Mwana wopanda chikalata amavutika kulemba mayeso, ndipo akakwatiwitsidwa ali wamng'ono kapena kulembedwa ntchito, zimavuta kutsimikiza zaka zake.

Mwana wa msinkhu wa sukulu

Apa umphawi umasintha nkhope. Mwana wa zaka 10 safa ndi njala msanga ngati wa chaka chimodzi, koma amadziwa kuti ndi wosauka, ndipo manyazi amamudya kuposa njalayo. Ndinaphunzira zimenezi mowawa. Panali mtsikana wina wanzeru amene ankabwera kusukulu ndi diresi long'ambika, wopanda nsapato. Ndinamugulira yunifolomu ndi nsapato, ndipo chifukwa cha chimwemwe ndinamupatsa pamaso pa anzake, aphunzitsi akuombera m'manja. Anavala masiku atatu. Kenako anasiya kubwera. Anzake ankamuitana ndi dzina lachipongwe lonena kuti ndi wovekedwa ndi anthu. Zinanditengera mwezi wathunthu, ndikupita kwawo mobwerezabwereza, kuti abwerere.

Lero chilichonse chimene ndikufuna kupatsa mwana ndimapereka kwa amene amamusunga, mwanayo palibe, kuti achilandire kuchokera m'manja mwa amayi ake kapena agogo ake. Mwana asaone kholo lake likuchepetsedwa. Ndipo foni ikhale m'thumba. Chithunzi cha mwana wovala nsanza chikalowa pa Facebook sichitulukanso, ndipo mwanayo adzakula, adzachiona, anzake adzachionanso. Ngati amene anakupatsani ndalama akufuna umboni, aonetseni malisiti.

Mwana akamajomba, fufuzani tsiku limene amajomba. Wojomba masiku a msika akugulitsa malonda. Wojomba nyengo yolima kapena yokolola ali kumunda. Mtsikana wojomba masiku angapo mwezi uliwonse mwina alibe zodzitetezera akakhala kumwezi, kapena kusukuluko kulibe chimbudzi chotseka, ndipo zimenezi azifunse ndi mzimayi, pambali. Wobwera koma n'kumagona m'kalasi mwina sanadye kuyambira dzulo. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mankhwala ake, ndipo kugula makope sikuthetsa ngakhale chimodzi. Za ntchito, si ntchito iliyonse imene ili yoipa; mwana kuthandiza pakhomo akaweruka n'kukula komweko. Pangano la ILO (bungwe la United Nations loona za ntchito) nambala 138 la 1973 linaika zaka 15 kukhala msinkhu woyambira ntchito, n'kulola mayiko osauka kuyambira pa 14, ndipo la nambala 182 la 1999 limaletsa ntchito zoopsa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Funso langa limakhala lakuti: ntchitoyi ikumuchotsa m'kalasi kapena kumuvulaza? Ngati ndi choncho, musangomuletsa. Ndalama imene amabweretsayo banja likuidalira, ndipo mukapanda kupeza cholowa m'malo mwake abwereranso, ulendo uno mobisa.

Anthu ambiri amandifunsa ngati n'koyenera kupatsa banja losauka ndalama m'manja. Amaopa kuti zithera ku mowa. Inenso ndinkaopa. Koma mayiko ayesa njira imeneyi kwa zaka zambiri: Mexico inayamba Progresa mu 1997, Brazil inayamba Bolsa Família mu 2003, ndipo mayiko ambiri a mu Africa ali ndi ndondomeko zawo. Mu 2014 David Evans ndi Anna Popova, ofufuza a World Bank, anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana n'kupeza kuti mabanja olandira ndalama sawonjezera zogulira mowa ndi fodya. Zimene ndaona ndi maso anga zikugwirizana nazo. Mayi amadziwa kuti sabata ino chofunika ndi sopo osati bulangete limene ine ndikanagula. Ndalama yochepa yobwera tsiku lodziwika mwezi uliwonse imathandiza kuposa yambiri yobwera mwadzidzidzi, chifukwa munthu amatha kuiwerengera. Musalonjeze zimene simungapitirize kwa chaka. Ndipo fufuzani ngati boma la kumeneko lili ndi thandizo limene banjalo likuyenera kulandira koma silinalembedwe. Kuyenda nawo ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kungawapatse zambiri kuposa thumba lanu.

Chinthu chimodzi ndimachikana mwamphamvu: kuchotsa mwana pakhomo chifukwa chakuti pakhomopo ndi posauka. Ana ambiri amene ali m'nyumba zosungira ana amasiye ali ndi kholo limodzi lamoyo kapena achibale, ndipo chinawapititsa kumeneko ndi umphawi. Malangizo a United Nations a 2009 onena za ana osowa chisamaliro cha makolo amanena momveka kuti umphawi pawokha usakhale chifukwa cholekanitsira mwana ndi makolo ake. Agogo amene akulera zidzukulu zinayi m'chipinda chimodzi safuna kuti muwalande zidzukuluzo, akufuna denga losadontha ndi chakudya. Nkhani imasintha pokhapokha ngati mwana akumenyedwa, akugwiriridwa kapena akukakamizidwa ukwati. Pamenepo musayese kuthetsa nokha kapena kukambirana mobisa ndi wolakwayo. Kanenani kwa oteteza ana kapena kupolisi.

Ndikachoka pakhomo, ndikangokhota pamene sakundionanso, ndimaima n'kulemba m'kope: tsiku, zaka za mwana, nambala imene tepi inasonyeza, magulu a zakudya za dzulo, katemera wotsala, ndi chinthu chimodzi chimene tagwirizana ndi amene amamusunga. Dzina la mwana sindilemba lonse, kuopa kuti kopelo lingagwe m'manja mwa ena. Ndisanatsanzike ndimakhala nditawauza tsiku lobwereranso, sabata imodzi ngati tepi inali pofiira, masabata awiri ngati inali pachikasu, ndipo tsikulo likafika ndimapita ngakhale ndilibe chonyamula. Ulendo wachiwiri ndi umene amayi amayamba kunena zimene anabisa ulendo woyamba: kuti bambo anachoka, kuti wamkulu uja sakupitanso kusukulu, kuti iwonso akhala akudwala. Ndimakhala pansi, ndimamvetsera, kenako ndimapempha kuonanso mapazi ndi mkono wa mwanayo, ndipo tepi ija ndimawapatsa amayiwo kuti ayeze okha ine ndikuona.